Pakamwa pa a Lukiya

A Lukiya ndinawadziwira panjira yolowera kusukulu, chaka chomwe ndinayamba kupita ndi Chimwemwe ku kalasi ya ana a ulumali, yomwe aphunzitsi amati risosi. Ankakhala pansi pa mtengo wa kesha ndi beseni la zitumbuwa, mpango wobiriwira utakulunga mutu ndi khosi, miyendo atatambasula ngati ali pakhonde pawo. Ndisanawapatse n'komwe moni, iwo anayamba.

"Mayi, mwana wakula uyu, akuthyolani msana. Mtsitseni apa mupumeko."

Sindinamutsitse. Ndinangoti zikomo chapansipansi n'kudutsa. Kumbuyo ndinamva akuseka ndi mayi wina, ndipo tsiku lonselo ndinkaganiza kuti ankaseka ine.

Chimwemwe ndi mwana wanga woyamba, mtsikana, pano ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anachedwa kulira pobadwa. Sayenda, dzanja lamanja linapindikira mkati, ndipo dovu limatsika pachibwano. Koma mutu uli bwinobwino. Akafuna kuvomera amakweza nsidze, akakana amatembenuzira nkhope kumbali. M'mawa uliwonse ndimamubereka kuchokera kumudzi kwathu ku Malemia, kuwoloka kamtsinje, mpaka kusukulu. Poti palibe womunyamula akafuna kuchimbudzi, sindibwerera kunyumba. Ndimakhala panja, pansi pa zenera la kalasiyo, mpaka aweruke. Munthu ukakhala pansi pa zenera zaka ziwiri osalankhula, umaona zambiri.

Mbiri ya a Lukiya sindinachite kufunsa. Amaifotokoza okha kwa aliyense wogula chitumbuwa. Anabadwira kufupi ndi Malosa, m'banja la Chisilamu. Bambo awo ankakatenga matemba ku Chilwa panjinga n'kumagulitsa m'midzi, ndipo iwo ali kamtsikana ndi omwe ankaitanira malonda, chifukwa bambowo anali ndi chibwibwi. Sukulu analekezera Sitandade 5. Apa ndi pomwe pamandiwawa, chifukwa ine ndinafika Sitandade 7, ndimalemba bwino kuposa iwo, koma ndikaima pamaso pa munthu wovala tayi lilime limauma. Iwo amalankhula ndi a hedi ngati akulankhula ndi mlamu wawo.

Anakwatiwa ndi a Aufi, telala wa pamsewu wa ku Liwonde. Mwana wawo womaliza, Karima, anadwala malungo aakulu ali ndi zaka zinayi, ndipo atachira makutu anali atatseka. Achibale a mwamuna anayamba kunong'ona kuti mayi ndi amene anamutsempha mwanayo. A Lukiya sanadikire kuti nkhani iwapeze. Anavala, n'kupita okha kwa apongozi awo, n'kukhala pabwalo.

"Ndinati amene anandiona ndikulakwa aime apa anene tsiku lake," amatero akamafotokoza. "Walahi, panalibe anatsokomola."

Madamu Eliza, mphunzitsi wa ana a ulumali, atabwera pasukulu pathu, a Lukiya analowa m'kalasi n'kukhala pakabenchi pamodzi ndi ana teremu yonse, kuphunzira kulankhula ndi manja. Zitumbuwa zinkazizira panja, iwo alibe nazo ntchito. Pano amamukalipira Karima ali kutsidya kwa bwalo la mpira, manja ali m'mwamba, mwana n'kubwera akuthamanga.

Akuthamanga. Ndimamuyang'ana Karima akamathamanga. Ndi mwana wokongola, wamsinkhu, amatunga madzi, amasesa, amalemba dzina lake mooneka bwino. Masana a Aufi amabwera panjinga kudzamutenga, amamugulira nzimbe. Amuna anga a Frank si munthu woipa, koma pasukulupo sanapondepo. Amati za kusukulu n'zanga. Ndiye ndikamamva anthu akuti ine ndi a Lukiya tili pamavuto amodzi, mumtima ndimati ayi, mavuto awo ali ndi miyendo.

Sanandilakwirepo kanthu, ndinene zoona. Ankandipatsa chitumbuwa chophwanyika kuti ndimudyetse Chimwemwe. Ndinkalandira ndi manja awiri, koma pakhosi pankandiwawa.

Chaka chathachi, teremu yachitatu ili pakati, a hedi, bambo Lazaro, anandiitanira mu ofesi. Analankhula mwaulemu. Anati akuona mmene ndikuvutikira, masitepe a kalasi ndi atatu, chimbudzi n'chopanikiza, ndipo Madamu ali okha. Anati teremu ikubwerayi Chimwemwe ayambe wapumulako kunyumba mpaka akhwime.

Ndinati, "Chabwino, bambo." Ndinatuluka. Ndinakalirira kuseri kwa khitchini ya phala.

Akhwime liti? Kunyumba amangoyang'ana denga. Kusukulu kokha ndi komwe amaseka mpaka kutsamwa.

Patapita sabata ziwiri Madamu Eliza anandipeza pazenera langa lija. Anayang'ana uku ndi uku.

"Amake Chimwemwe, Lachinayi sabata yamawa kukubwera oyendera masukulu. Akudzaona kalasi yathu ino basi. M'kalata alemba kuti akufuna kukumana ndi makolo, amve kwa inu eni ake mmene ana akuphunzirira. Akamuona Chimwemwe ndi maso, nkhani yoti akhale kunyumba ija ikhoza kusintha."

Ndinabwerera kunyumba mwana akupepuka kumsana.

Lolemba a hedi anaitana makolo tonse a ana a risosi. Tinalipo asanu ndi anayi. Anati kukubwera alendo akuluakulu, ndipo tonse tikudziwa mmene timalandirira alendo kuno kwathu. Pafunika kusesa, kupaka miyala laimu, kuzira khonde, ndipo komiti ya sukulu ipeza nkhuku. Kenaka anatsokomola.

"Amayi, ndikufunseni. Kunyumba kwanu kukamabwera apongozi, matewera mumawasiya pachingwe cha kutsogolo?"

Tinaseka, tinati ayi.

"Eya. Ndiye Lachinayi kubwere ana anayi okha, amene angaonetse zomwe Madamu akuphunzitsa. Enawo apumule tsiku limodzi. Alendo asaone ngati sitisamala ana, ayi. Ndipo makolo sitingalankhule tonse ngati pamsika. Mmodzi atiyimirire, athokoze bwinobwino."

Dzina la Karima linali loyamba. La Chimwemwe panalibe. Wolankhula sanachite kuvotera, anthu onse anangotembenukira kwa a Lukiya.

Chomwe chimandidabwitsa mpaka lero n'choti nanenso ndinagwedeza mutu. Zinamveka zoona. Ndi mmene tinakulira. Mlendo umamupatsa mpando wabwino, mbale yosabooka, ndipo za m'nyumba sumuuza. Palibe anaganiza kuti alendo amenewa akubwerera matewera omwewo. Madamu Eliza anangoyang'ana pansi, poti a hedi ndi bwana wawo.

Lachitatu tinagwira ntchito. Ine anandipatsa kuzira khonde, chifukwa dzanja langa limasalaza bwino. Ndinagwada pamenepo ndi dothi lakuda, kusalaza khonde loti mwana wanga sadzakhalapo. A Lukiya ankapaka laimu uku akuyeserera zokanena, burashi ili m'mwamba.

"Ife makolo a pano tikuthokoza kwambiri boma, tikuthokoza a hedi athu okoma mtima. Kenaka chiyani paja? Iii, zandithawa. Make Chimwe, mwamva bwanji, zikumveka?"

"Zikumveka."

"Inu zonse zimangomveka. Tsiku lina mudzandiuze kuti sizikumveka, ndidzakuphereni nkhuku." Anaseka okha. Kenaka anandiyandikira. "Koma mng'ono wanga, chitenje chanu chija cha maluwa achikasu, chomwe munavala pa Isitala. Mundibwereke mawa. Zanga zonse zinadya mafuta a zitumbuwa."

Chitenje chimenecho ndi chokhacho chabwino chomwe ndili nacho. Ndinafuna kukana. Pakamwa panati, "Mudzatenge madzulo."

Lachinayi ndinati sindipita kulikonse. Ndinayamba kuchapa. Koma nthawi ya sukulu itakwana Chimwemwe anayamba kuyang'ana kachikwama kake pamsomali, n'kuyang'ana ine, nsidze zili m'mwamba. Ndinamuuza kuti lero kulibe sukulu. Anatembenuzira nkhope kumbali. Ankamva ana ena akudutsa panjira.

Ndikanakonda kulemba kuti ndinapita chifukwa cholimba mtima, koma likhala bodza. Ndinapita kuti ndikawaone a Lukiya atavala chitenje changa, ndipo mumtima ndinkafuna kuti akaiwale mawu awo pamaso pa alendo, achite manyazi kamodzi kokha, adziwe mmene zimakhalira. Ndinabereka mwana, ndinadzera njira ya kumunda, n'kukaima mu nandolo kuseri kwa kalasi.

Galimoto inali itafika kale. Alendo anali awiri, mayi wa magalasi wovala nsapato zafulati, ndi bambo wamtali wodziwa kulankhula ndi manja. Ana anaimba. Ndinawaona a Lukiya pakhonde langa losalala lija, maluwa achikasu ali waliwali. Chitenjecho chinawakhala kuposa mmene chimandikhalira ine. Zimenezonso zinandiwawa.

Atalowa m'kalasi sindinkaonanso kanthu, ndiye ndinasendera pang'onopang'ono mpaka pansi pa zenera langa. Ndinasuzumira. Makadi a manambala ndi a mitundu, omwe amakhala otsekeredwa m'kabati ya mu ofesi, anali atayalidwa patebulo. Karima analemba dzina lake pabolodi, bambo wamtali uja anamufunsa ndi manja, iye anayankha, onse anawomba m'manja. Kenaka mayi wa magalasi anapempha a hedi ndi Madamu kuti ayambe atuluka, atsale ndi makolo.

"Makolo ake ndi omwewa?" anafunsa, akuyang'ana a Lukiya okha.

"Ndikuyimira onse, mayi," anatero a Lukiya. Anagwada, n'kuyamba. "Ife makolo a pano tikuthokoza kwambiri boma."

Sanaiwale liwu ngakhale limodzi. Mayi uja anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anatsegula kaundula.

"Zikomo, mayi. Koma m'bukumu muli ana asanu ndi anayi. Ine ndaona anayi. Enawo ali kuti?"

A Lukiya anayang'ana kuchitseko. Mwa ana anayi aja, poona kuti akulu asiya kulankhula, mmodzi anayamba kugogoda tebulo monga amachitira poimba nyimbo yowerenga manambala. Nyimbo imeneyo Chimwemwe amaikonda kuposa chakudya. Anakuwa kumsana kwanga, kukuwa kwake kwa chisangalalo kuja, komwe kumamveka mpaka ku mjigo.

Ndinafuna kuthawa. Mutu wa a Lukiya unatulukira pazenera.

"Ee! Make Chimwe! Mayi, wina ndi uyu ali panoyu. Lowani, inu, mukubisala chiyani ngati mwaba chinangwa?"

Anatuluka, anandigwira dzanja, n'kundikokera mkati. Ndinadutsa a hedi pakhonde osawayang'ana. Ndinali nditavala chitenje chochapira, chonyowa kutsogolo. Anandipatsa mpando, ine ndinakhala pansi, n'kumukhazika Chimwemwe pamiyendo. Mayi wa magalasi anasiya mpando wake n'kukhala pakabenchi ka ana, pafupi nane.

"Dzina lanu ndani, mayi?"

Ndinayang'ana nsapato zake.

"Ndi a Iness," anatero a Lukiya. "Ngwamanyazi ameneyu, ndimulankhulira ine. Mayi, mtsikanayu akuvutika, Mulungu yekha ndiye akudziwa. Mwana wakeyu, monga mukumuoneramu, palibe chomwe amadziwa. Samva zophunzira ayi. Amangobwera naye kuti azisangalala ndi anzake, apitidweko mphepo. Ndiye mukanamuchitira chifundo."

Ndikudziwa kuti ankafuna kundithandiza. Ankaganiza kuti alendo amagwidwa ndi chisoni. Koma ine zinandikwiyitsa. Mwana wawo walemba dzina pabolodi, anthu awomba m'manja. Avala chitenje changa. Ndiye atengenso mwana wanga, amunene kuti sadziwa kanthu, pamaso pake, iye akumva?

"Ayi, si choncho."

Mawuwo anatuluka mokweza moti ndinadzidzimuka nawo ndekha. Sindinayang'ane mlendo. Ndinayang'ana a Lukiya, ngati tili awiri kumjigo.

"Si choncho, amake Karima. Inu mumakhala kumtengo ndi zitumbuwa, simumuona. Amadziwa manambala mpaka teni. Amadziwa mitundu isanu. Dzina la Karima wanuyo amalidziwa likalembedwa. Musamanene zinthu zomwe simunaone."

"Tionetseni, mayi," anatero mlendo uja, chapansipansi.

Ndinamuuza kuti akweze makadi awiriawiri, afunse, ndipo ayang'ane nsidze. Anakweza folo ndi seveni. Anati, "Chimwemwe, seveni ndi uyu?" akugwedeza folo. Mwana anatembenuzira nkhope kumbali. Mayi uja anagwedeza seveni. Nsidze zinakwera mpaka m'tsitsi. Anayesa kasanu, anasinthanitsa manja kuti amupusitse. Chimwemwe analakwa kamodzi kokha, pa sikisi ndi naini, ndipo anaseka yekha dovu lili chuchuchu. Mayi uja anatulutsa kansalu kake m'chikwama n'kumupukuta.

"Nanga kuno amaphunzira bwanji masiku onse? Mwaona zotani inu?"

Ndinayankhabe ndikuyang'ana a Lukiya, chifukwa ndikanatembenuka mawu akanathawa. Ndinati Madamu Eliza amaphunzitsa bwino, koma Lachiwiri ndi Lachinayi amawatenga kuti akathandize ku Sitandade 8, ndipo ana amakhala okha mpaka nthawi ya phala. Ndinati makadi awa atuluka lero, ndinawaona komaliza isanafike Isitala. Ndinati masitepe ndi atatu, lapakati linagumuka. Chitseko cha chimbudzi sitingalowe awiri, ndiye ndimapita naye kuseri mu nandolo. Ndinati mwana wina, Zulfa, saona bwino, ndipo amakhala kumbuyo chifukwa kutsogolo kumadontha. Pomaliza ndinati andiuza kuti teremu yamawa Chimwemwe akhale kunyumba mpaka akhwime, ndipo ine sindikudziwa kuti munthu amakhwima bwanji akuyang'ana denga.

Bambo wamtali uja ankalemba mofulumira. A Lukiya anali atagwira pachibwano.

"Kodi make Chimwe, pakamwa muli napo? Zaka ziwiri zonsezi ndimayesa munapasiya kwanu!" Anatembenukira kwa alendo. "Mayi, zothokoza ndinanena zija musafute, n'zoona ndithu. Koma anachita kundipatsa kuti ndiloweze. Tsopano ndinene zanga. Ana enawo sakudwala ayi. Tinagwirizana tokha kuti tiwabise, kuopa kukuchititsani manyazi. Ndipatseni mphindi pang'ono."

Anakwinya chitenje changa mpaka m'maondo, n'kuthamangira kumudzi. Ola lisanathe anabwera ndi amayi atatu ndi ana awo, wina ali ndi ufa m'manja, wina akumangabe mpango. Wachinayi anali atapita kuchigayo. Alendo anakhala nafe mpaka dzuwa litapendeka, aliyense ananena zake. Nkhuku ija inadyedwa itazizira.

Kenaka alendo anaitana a hedi ndi Madamu. Ndinkayembekeza kuti kukhala kukalipa, koma mayi uja analankhula mofatsa. Anati akudziwa kuti tinachita zaulemu, koma iwo akabwera n'kupeza zonse zili bwino amakalemba kuti zili bwino, ndipo palibe chomwe chimabwera. Anati kalata inati makolo, sinati kholo. Anati palibe mwana wolembedwa m'kaundula amene akhale kunyumba chifukwa cha masitepe. A hedi anavula magalasi, anawapukuta nthawi yaitali, n'kunena kuti amva. Potuluka sanandiyang'ane, ndipo anakhala mwezi wathunthu akundiyankha moni ndi mutu wokha.

Teremu yatsopano itayamba ndinamubereka Chimwemwe mtima uli m'mwamba. Madamu Eliza anaitana mayina, ndipo lake linali lachitatu. Abambo a komiti anagumula masitepe aja n'kuika njerwa motsetsereka. Makadi amakhala m'kalasi tsopano. Madamu amawatengabe ku Sitandade 8, koma Lachiwiri lokha. Njinga ya olumala yomwe alendo analemba kuti Chimwemwe akufunika sinafike mpaka lero, ndimamuberekabe. Chimbudzi ndi chomwe chija.

M'mudzi nkhaniyi imafotokozedwa mwina. Amati a Lukiya ndiwo anaimitsa alendo a boma, anathamanga opanda nsapato kukatenga ana obisidwa. Kumjigo, kutchalitchi kwathu, ngakhale a Frank anabwera nayo kunyumba ngati nkhani yachilendo. "Akuti mayi Achisilamu aja a zitumbuwa ndi olimba mtima, eti?" Ndinati eya, ndi olimba mtima. Si bodza. Anathamangadi. Koma ndikamva choncho pakhosi pamandiwawabe, ndipo ndasiya kudzinamiza kuti padzasiya.

Alendo aja anasiya lamulo loti teremu iliyonse makolo tizikhala pansi ndi Madamu ndi a hedi, ndipo akadzabweranso adzafuna kumva kwa tonse. Sabata yatha ndi pomwe tinakhala koyamba. Tikudikira pakhonde kuti a hedi amalize za mu ofesi, a Lukiya anandigunda ndi chigongono.

"Lero muyambe ndinu, make Chimwe. Ine dzino likundiwawa."

"Dzino lake liti? Mwangomaliza nzimbe pompano."

"Iii, mwayamba mwano masiku ano. Yambani, inu."

"Ayi, yambani inu," ndinatero. "Ine ndizikonza zomwe mwalakwitsa."

Anaseka mpaka a hedi anasuzumira pakhomo kuti aone chachitika n'chiyani. Titalowa anayambadi iwo, ndipo ndinawakonza kawiri.